Mmene mungasewerere Only Connect, kuyambira pa TV mpaka patebulo lakunyumba

Amene muli kuno ku UK mwina munaionapo pa BBC Two Lolemba madzulo, pulogalamu ija matimu awiri a anthu atatuatatu amakhala akunong'onezana uku akuyang'ana sikirini, mayi Victoria Coren Mitchell ali pakati kufunsa mafunso. Dzina lake ndi Only Connect, inayamba mu 2008 pa BBC Four kenako mu 2014 anaisamutsira ku BBC Two, ndipo amajambulira ku Cardiff. Ine ndimaikonda zedi, ndipo chomwe ndimaikondera nchakuti si kwizi yoloweza ngati ija ya kusukulu yoti likulu la dziko lakuti ndi chani, ayi, apa amakupatsani zinthu zooneka ngati zosagwirizana nde inu mupeze chingwe chomwe chazimanga pamodzi. Anthu ambiri akaonera kamodzi amati aaa izi nzovuta nkusiya, pomwe vuto nkungosadziwa kagwiridwe kake basi. Ndiye ndati ndilembe mmene ife timachitira kunyumba kwathu.

Gawo loyamba limakhala lopeza mgwirizano. Timu imasankha funso potchula chimodzi mwa zizindikiro zisanu ndi chimodzi za ku Egypt wakale, pali mabango awiri, mkango, chingwe chopota, njoka ya nyanga, madzi ndi diso la Horus. Akatero chinthu choyamba chimatuluka pa sikirini, ndipo ali ndi masekondi 40 okha. Mukalasa yankho mutaona chinthu chimodzi mwadya mapointi 5, mukapempha chachiwiri atsika afika 3, chachitatu 2, chachinayi 1. Mukaphonya funso limapita kwa anzanu aja, amaona zonse zinayi, akalasa nkutola pointi imodzi yaulere.

Apa langizo langa ndi loti musamathamangire 5 uja. Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu chomwe ndinapangira ana ndi alamu anga. Choyamba ndinalemba Kamuzu. Chachiwiri Bingu. Alamu pompo anamenya tebulo, atsogoleri a dziko la Malawi! Koma chachitatu chinali Civo, chachinayi Silver, yankho linali mabwalo a mpira. Umu ndi mmene olemba mafunso a pulogalamuyi amaganizira, zinthu ziwiri zoyamba amaziika dala kuti zikutengereni njira ina. Ndiye ngati yankho labwera mosavuta kwambiri muzidzifunsa kaye kuti kodi mawu amenewa alibe ntchito ina? Kutenga 2 wotsimikizika kuli bwino kusiyana nkutaya zonse komanso kupatsa adani pointi. Chinanso, musamangoyang'ana tanthauzo, nthawi zina nkhani ili pa mawu enieniwo, mwina onse akuyamba mofanana, mwina muli liwu lina lobisala mkati ngati mmene mango alili mu Mangochi, mwina mukawawerenga chobwerera akupanga kanthu. Atchuleni mokweza, khutu limagwira zomwe diso laphonya.

Gawo lachiwiri ndi la mndandanda, amakuonetsani zinthu mpaka zitatu inu munene chachinayi. Anthu amagwa pati? Amapeza mgwirizano nkusangalala nkuimba belu asanawerengere kuti chachinayicho nchiti, pomwe chofunika ndi chachinayicho. Tiyeni tiyese, 1966, 1994, 2004, kenako? Ndi zaka zomwe Malawi analandira pulezidenti watsopano, Kamuzu Banda, Bakili Muluzi, Bingu wa Mutharika, nde yankho ndi 2012 pomwe analowa mayi Joyce Banda. Ina yomwe ndimainyadira ndi iyi, M, W, T. Mwana wanga wamkazi ndi amene anaipeza akuwerenga zala, modzi, wiri, tatu, nde chotsatira ndi N wa nayi. Muzionanso ngati mndandanda ukukwera kapena ukutsika chifukwa kawirikawiri amauyendetsa chobwerera kuti uthere pa chinthu chodziwika kwambiri.

Tsopano khoma, apa mpomwe pali nkhani yonse ndipo ndichedwapo pang'ono. Pa sikirini pamabwera mawu 16 osakanizasakaniza, timu iwagawe m'magulu anayi a mawu anayianayi m'mphindi ziwiri ndi theka. Gulu lililonse lomwe mwapeza ndi pointi, kunena chomwe chikuwagwirizanitsa ndi pointi ina, mukakhoza zonse amakuonjezerani 2 kukwana 10. Ngakhale nthawi ikuthereni amakuonetsanibe magulu aja ndipo mutha kutolabe mapointi potchula mgwirizano wake, ndiye osataya mtima. Koma chenjerani, mukangopeza magulu awiri mumatsala ndi mwayi woyesa katatu kokha, mukalakwa katatu khoma limauma osayankhanso.

Nali khoma lomwe ndinalemba pa timapepala todula ku katoni ya sopo nkuyala patebulo: Shire, Nsanje, Salima, Michiru, Mantha, Lilongwe, Dedza, Bua, Balaka, Chisoni, Soche, Neno, Linthipe, Mulanje, Karonga, Manyazi.

Aliyense akaliona amafuula kuti maboma! Zoona maboma alipo, koma awerengeni, Nsanje, Salima, Lilongwe, Dedza, Balaka, Neno, Mulanje, Karonga, afika 8 pomwe gulu likufuna anayi okha. Mukayamba ndi amenewa mutha nthawi yonse mukungosinthasintha. Ndiye lamulo langa loyamba pa khoma ndi ili, gulu lomwe mwaliona msanga ndipo ladzaza mopitirira lisiyeni kaye, limenelo ndi nyambo. Sakani liwu lomwe lilibe kwina kolowera. Mantha sangakhale boma, sangakhale mtsinje, nde amzake ndani? Chisoni, Manyazi, atatu, wachinayi akusowa. Mukabwerera ku maboma aja mupeza Nsanje atakhala phee, nsanje ija ya mumtima. Gulu loyamba latheka. Shire, Bua, Linthipe ndi mitsinje, wachinayi ndi Lilongwe poti mzindawo unatenga dzina ku mtsinje. Michiru ndi Soche ndi mapiri a ku Blantyre, akufuna amzawo awiri, Dedza ndi Mulanje. Otsala aja, Salima, Balaka, Neno, Karonga, ndiwo maboma enieni ndipo simunavutike nawo nkomwe, adzisankha okha.

Chachiwiri, magulu awiri akangotuluka chotsani dzanja pa batani. Apa mpomwe matimu ambiri pa TV amaonongera, mtima uli m'mwamba wina amangodina dina mwayi utatu uja nkutha m'masekondi ochepa. Mawu otsala ndi 8 okha, khalani pansi muwagawe pakamwa onse, mugwirizane kuti magulu awiriwo ndi ati, mukatero mudine. Koma magulu awiri asanatuluke palibe chilango, ndiye pamenepo dinani momasuka, ngati muli ndi mawu asanu a gulu limodzi yesani kuchotsa limodzilimodzi mwadongosolo mpaka litheke, uku anzanu awiri akuganizira mbali ina.

Chachitatu, lankhulani. Izi ndimazinena mobwereza chifukwa ndaona kunyumba kwathu, munthu amakhala ndi ganizo koma akuopa kuti amuseka, nthawi itatha nkumati ndinaliona ine lija. Ganizo losapsa likatuluka pakamwa mnzako amalimalizitsa. Kaputeni wabwino si amene amadziwa zambiri koma amene amamva onse awiri nthawi imodzi nkudula msanga kuti tiyeni tipite ndi ili. Posankha timu musatenge anthu ofanana, atatu onse a mpira mudzalira pa funso la nyimbo, sakanizani, wina wa mabuku ndi mbiri, wina wa sayansi ndi manambala, wina uja amadziwa oimba ndi mafilimu ndi za pa intaneti. Agogo ndi mdzukulu pa timu imodzi zimayenda bwino kwambiri.

Gawo lomaliza ndi lothamanga, amachotsa malembo a liwu, a e i o u aja, nkusokoneza mipata ya pakati pa mawu, ndipo amakuuzani mutu wake. Apa palibe kufunsana, aliyense ali ndi belu lake, ukakhoza pointi, ukalakwa akuchotsera imodzi. Ife gawo ili sitiyenera kuliopa chifukwa ndi mmene timalembera mameseji pa foni tsiku ndi tsiku, zkm, bwnj, ndthkz. Yesani iyi, mutu wake zakudya, N SMN DN DW. Ndi nsima ndi ndiwo. Nanga iyi ya miyambi, MTM DZS SN ZDNG? Mutu umodzi susenza denga. Chinsinsi nkusakhulupirira mipata ija, werengani malembo onse ngati chingwe chimodzi, ndipo mutu ukangotchulidwa yambani kale kuganiza zinthu za m'gulu limenelo funso lisanatuluke. Pa Chichewa mutuwo ngofunika koposa chifukwa malembo a liwu ndi ochuluka m'mawu athu, MT atha kukhala mutu, moto kapena mate, nde wolemba mafunso asamale pamenepo kuti pasabuke mkangano.

Zoyeserera zilipo. Amene muli ku UK muli ndi BBC iPlayer, muziimitsa kanema chinthu chilichonse chikatuluka nkuyesa nokha matimu aja asanayankhe. Pali webusaiti ya PuzzGrid komwe anthu amaika makoma awo, komanso masewera a Connections a New York Times omwe anayamba mu 2023 ndi ofanana ndi khoma lija, mawu 16 magulu anayi tsiku lililonse. Kungoti mafunso a pa TV ambiri ndi a zinthu za ku Britain, masiteshoni a sitima za pansi pa London, mapulogalamu awo akale, nde mukaphonya zimenezo sikuti mutu wanu sukugwira, simunakulire kumeneko basi. Nchifukwa chake ine ndimalimbikira zopanga zathu, ndipo ana obadwira kuno amaphunzirapo Chichewa ndi malo a kwawo osazindikira, ngati mmene ife tinkachitira ndi ndagi usiku pabwalo.

Popanga khoma lanu yambani ndi nyambo, osati magulu. Pezani mawu atatu kapena anayi okhala ndi nkhope ziwiri, ngati Nsanje uja, kapena Chikondi ndi Mphatso omwe ndi maina a anthu komanso mawu wamba, kenako mumange magulu mowazungulira. Mukamaliza liyeseni nokha kuti muone ngati njira yolimasulira ili imodzi yokha, chifukwa liwu likakwanira mbali ziwiri popanda chowalekanitsa masewera aonongeka. Lembani ndi malembo akuluakulu onse kuti dzina la malo lisadziulule, ikani taimala ya pa foni pa 2:30, belu likhale supuni ndi kapu, ndipo wolemba mafunso asalowe timu iliyonse, akhale pakati ndi pepala la mayankho.