Kusamalira giyabokosi ya galimoto yakale pakhomo

Magalimoto akuluakulu amene amayenda m'misewu ya Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, monga Toyota Prado, Hilux Surf, Mitsubishi Pajero, Nissan X-Trail ndi Honda CR-V, ambiri anachokera ku Japan atagwira kale ntchito, ndipo anatsikira pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban asanafike kwa eni ake kuno. Kwawoko ankayenda pa phula losalala atanyamula anthu ochepa, koma kuno tinawapatsa ntchito ina: kutuma feteleza kumunda, kukoka ngolo ya chimanga kupita ku depoti ya FRA (bungwe la boma logula chimanga), kuwoloka madambo m'dzinja ndi kukwera zitunda dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Injini zake zimapirira kwambiri, koma giyabokosi, makamaka ya automatic, ndi imene imafulumira kugonja, ndipo ikafa galimoto imakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi yambiri mwini wake akufunafuna ndalama. Giyabokosi kawirikawiri siifa mwadzidzidzi. Imatha pang'onopang'ono chifukwa cha kutentha ndi oilo woipa, ndipo ziwirizi munthu angathe kuziyang'anira ali pakhomo pake, ali ndi masipanala ochepa chabe.

Mu giyabokosi ya automatic, oilo wofiira uja wotchedwa ATF sangofewetsa zitsulo ayi. Ndiye amene amatenga mphamvu ya injini mu torque converter, chiwalo chimene chili pakati pa injini ndi giyabokosi, n'kuipereka ku magiya, ndiye amakankha timbale ta kilachi ta m'kati kuti giya ilowe, ndiponso ndiye amachotsa kutentha n'kupita nako ku rediyeta. Amagwira bwino ntchito akatentha madigiri pafupifupi 80, koma akapitirira 120 amayamba kupsa, timphira totseka oilo timauma, timbale tija timayamba kuterereka, ndipo kuterereka kumeneku kumabweretsa kutentha kwina kumene kumawonjezera vutolo. Ndi chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti oilo ameneyu aziyezedwa kamodzi pa mwezi, ndiponso musananyamuke ulendo wautali ngati wa ku Lusaka, umene ndi wa makilomita pafupifupi 570.

Kayezedwe kake kamasiyana ndi ka oilo wa injini, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Yendetsani galimoto kwa mphindi 15 kapena 20 kuti oilo atenthe, iimikeni pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ndipo mutaponda buleki pititsani giya m'malo onse kuchokera pa P mpaka pa L, mukuima pang'ono paliponse. Pa Toyota mumayeza giya ili pa P injini ikulira. Pa Pajero mumayeza ili pa N injini ikuliranso. Pa Honda CR-V mumazima injini n'kuyeza nthawi yomweyo oilo asanatsike. Solozani dipstick (ndodo yoyezera oilo), ipukuteni ndi kansalu kosathothoka ubweya, ibwezereni mpaka pansi, kenako isolozeninso, ndipo oilo afike pakati pa zizindikiro za HOT. Akachepa pampu imayamwa mpweya ndipo magiya amachedwa kulowa. Akachuluka amachita thovu, zimene zimawononga chimodzimodzi. Ngati wachepa, musangothira n'kuiwala, chifukwa giyabokosi siimwa oilo monga imachitira injini yotha: wachepa chifukwa akudontha penapake. Yalani katoni pansi pa galimoto usiku, m'mawa mudzaona pamene pakudonthera.

Mukayeza, donthezani oiloyo pa pepala loyera, mumuone ndi kumununkhiza. Wabwino amakhala wofiira ndi woonekera. Wofiirira moderako ndiye kuti wakalamba ndipo nthawi yomusintha yakwana. Wakuda wonunkha kupserera, kapena wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, akusonyeza kuti timbale ta m'kati tadyeka kale. Akapezeka wotuwa ngati tiyi wothira mkaka wambiri, mwalowa madzi, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka vutolo litapezeka.

Nkhani ya mtundu wa oilo ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa m'masitolo ambiri munthu akangoti akufuna oilo wa giyabokosi amapatsidwa aliyense wofiira amene alipo. Kufiira ndi utoto chabe. Chimene chimasiyanitsa ndi mankhwala a m'kati, amene anapangidwa mogwirizana ndi timbale ta giyabokosi inayake. Ma Toyota akale amafuna Dexron II kapena III, ena a pambuyo pake amafuna T-IV, ndipo atsopanoko amafuna WS. Pajero zambiri zimafuna SP-III, CR-V imafuna oilo wa Honda wotchedwa Z1 kapena DW-1 amene analowa m'malo mwake, pamene X-Trail ya petulo imene inayamba kutuluka mu 2007 ili ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo, imene imafuna NS-2. Mukathira ATF wamba mu CVT lamba uja amaterereka n'kukanda mapule, ndipo kukonza kwake n'kodula zedi. Dzina la oilo woyenera nthawi zambiri limalembedwa pa dipstick penipenipo kapena m'buku la galimoto. Buku likakhala la Chijapani, zilembo ndi manambala a oiloyo amawerengeka ndithu. Gulani chigubu chomata bwino kwa wogulitsa wodziwika. Oilo wopimidwa m'mabotolo opanda dzina m'mbali mwa msewu angaoneke wotsika mtengo, koma simungadziwe chimene muli.

Ena amauzidwa kuti giyabokosi yawo ndi yomata, oilo wake sasinthidwa mpaka kalekale. Mawu amenewa sanganenedwe za galimoto imene imayenda m'fumbi la ku Vubwi kapena kutsikira ku chigwa cha Luangwa kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa kagwiridwe ka ntchito ka kuno ndi bwino kusintha oilo pa makilomita 40,000 alionse kapena pakatha zaka ziwiri, ndipo galimoto imene mwangoigula kumene muiyese ngati sinasinthidwepo. Prado za magiya asanu a automatic zilibe dipstick, ndipo mulingo wa oilo wake umayezedwa pa kabawuti kapadera oilo atatentha pa mlingo woikika. Zimenezo zisiyireni makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto.

Pa magalimoto okhala ndi dipstick, ntchitoyi mungaigwire nokha. Choyamba ndi moyo wanu: musalowe pansi pa galimoto imene yagwiridwa ndi jeke yokha, ndipo musaikhazike pa njerwa, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Gwiritsani ntchito zitsulo zoimikira galimoto kapena zipika zolimba, ndipo tsekani matayala ndi miyala. Onetsetsani kuti bawuti imene mukumasula ndi ya giyabokosi, osati ya injini. Khuthulirani oilo m'chidebe, mumuyeze kuti watuluka wochuluka bwanji, ndipo mubwezere watsopano wochuluka chimodzimodzi kudzera pa paipi ya dipstick pogwiritsa ntchito fanelo yoyera. Mudzaona kuti patuluka malita awiri mpaka anayi okha, pamene giyabokosi yonse ya Prado kapena Pajero imasunga malita pafupifupi 10, popeza wotsalayo amakhala mu torque converter ndi m'mapaipi. Choncho yendani makilomita 500, kenako bwerezani, ndipo mukachita kawiri kapena katatu oilo wambiri amakhala watsopano. Njira yapang'onopang'ono imeneyi ndimaikonda kuposa kutsuka ndi makina, makamaka pa giyabokosi imene yakhala zaka osasamalidwa, chifukwa litsiro lotakasidwa nthawi imodzi limakatseka tinjira tating'ono ta mu valve body, chiwalo chimene chimagawira oilo ku magiya. Ngati mwatsegula mbale ya pansi, sinthani sefa ndi gasiketi, pukutani maginito ake, ndipo pomanga musalimbitse mabawuti mopitirira, chifukwa ndi aang'ono ndipo amaduka. Phala lotuwa pang'ono pa maginito si vuto. Zidutswa za chitsulo ndizo vuto. Oilo wakale musamutaye pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba. Musungeni m'chigubu chotseka n'kukamusiya ku galaja.

Rediyeta ndi mbali ya giyabokosi, ngakhale ambiri sadziwa. M'magalimoto ambiri a automatic, ATF amadutsa m'kapaipi kamene kali m'kati mwa rediyeta kuti azizire. Injini ikatentha, giyabokosi nayonso imatentha; ndipo kapaipi kaja kakachita dzimbiri n'kubooka, madzi amalowa mu oilo n'kumatula timbale ta kilachi. Dzimbiri limeneli limabwera chifukwa chothira madzi a pa mjigo okhaokha m'malo mwa coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini. Sinthani coolant pa zaka ziwiri zilizonse, chotsani njere za udzu ndi matope zimene zimatseka kutsogolo kwa rediyeta mukayenda m'njira za kumunda, ndipo onani ngati fani ikukoka mphepo mokwanira. Amene amakoka ngolo kawirikawiri achite bwino kuikitsa kachipangizo kapadera koziziritsa ATF kutsogolo kwa rediyeta. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi giyabokosi ina.

Kayendetsedwe nakonso kamawonjezera kapena kuchepetsa zaka za giyabokosi. Matumba khumi a feteleza ndi makilogalamu 500, ndipo mukawonjezapo anthu asanu mwapitirira kale zimene magalimoto ambiri a mtunduwu anapangidwira kunyamula. Kuyenda maulendo awiri kumadya mafuta, koma kumasunga galimoto. Pokwera mapiri a Manenekela pafupi ndi mlatho wa Luangwa, kapena a ku Kacholola, mukamva giya ikusinthasintha yokha, zimitsani O/D (batani la giya yapamwamba kwambiri) kapena tsitsirani pa 3 kapena 2, chifukwa kusintha kulikonse ndi kutentha kowonjezera, ndipo potsika giya yomweyo imathandiza mabuleki. Nyali ya A/T OIL TEMP ikayaka, patukani, ikani pa P, ndipo siyani injini ikulira mpaka nyaliyo itazima, popeza kuzima injini kumaimitsa oilo kuti asazungulire ku rediyeta. Musachoke pa D kupita pa R galimoto isanaimiretu. Mukatitimira m'matope, kuponda moto mukusinthasintha D ndi R kungathe kupsereza giyabokosi m'mphindi zochepa. Tsikani, kumbani, ikani nthambi ndi miyala, lowetsani 4L (giya yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi), kapena itanani ng'ombe kapena thirakitala. Poimika pa chitunda, monga m'nyumba za m'munsi mwa phiri la Kanjala, kokani handibuleki kaye, galimoto ikhazikike, kenako ikani pa P, kuti kulemera konse kusatsamire pa kachitsulo kakang'ono kamene kamagwira giya.

M'dzinja mitsinje ikadzaza pamabwera vuto lina. Giyabokosi, transfer case (bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi madifu (magiya ogawira mphamvu ku matayala) zili ndi timabowo topumira pamwamba, ndipo chitsulo chotentha chikalowa m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kuyamwa madzi kudzera pamenepo. Dikirani pang'ono kuti zizizire musanawoloke, ndipo mukawoloka madzi ofika pakati pa matayala, tsiku lotsatira tsegulani mabawuti othirira muone ngati oilo watuwa. Posintha oilo wa difu kapena wa transfer case, yambani kumasula bawuti yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhuthula oilo kenako n'kupeza kuti yothirirayo yakana.

Pa phula louma musayende mutatseka difu yapakati, kapena mutalowetsa 4WD pa galimoto imene ilibe difu yapakatiyo, chifukwa pokhota matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana ndipo mphamvuyo imathera mu transfer case. Pa Pajero imene ili ndi 4HLc ndi 4LLc, 4H ilibe vuto pa phula, koma ziwirizo, zimene zimatseka difu yapakati, ndi za m'matope ndi mumchenga. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndipo adyeke mofanana. Kugula limodzilimodzi la saizi iliyonse imene yapezeka kumadya ziwalo za 4WD mwakachetechete.

Amene muli ndi giyabokosi ya manual muli ndi mwayi, popeza ndi yolimba, koma chotsani phazi pa kilachi mukangosintha giya, musaimitse galimoto pa chitunda ndi kilachi, ndipo ngati buku likuti GL-4 musathire GL-5, chifukwa ena mwa oilo a GL-5 sagwirizana ndi mphete zamkuwa zimene zimathandiza magiya kulowa. Zina zonse ndi zodziwika: oilo wa injini pa makilomita 5,000 ngati ndi dizilo yakale, sefa ya mpweya iziguguditsidwa kawirikawiri m'chilimwe, girisi pa propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku difu) mukachoka m'madzi, ndi lamba wa timing wa injini ya 1KZ-TE pa makilomita 100,000. Batire yofooka ndi mawaya a dzimbiri nazo zimasokoneza kompyuta ya giyabokosi, moti zimachitika kuti munthu amauzidwa kuti agule giyabokosi pamene vuto ndi waya kapena sensa.

Pali malire a zimene zingachitike pakhomo. Ngati mukaika pa D kapena R galimoto ikutenga masekondi angapo isanagwire, ngati injini ikukwera kulira koma liwiro silikuwonjezeka, ngati giya ikulowa ndi chigugu, kapena nyali ya O/D OFF ikuphethira yokha, yezani oilo, ndipo ngati ali bwino pitani nayo kwa makaniko wodziwa za automatic sabata yomweyo, mukamupemphe kuti awerenge kompyuta asanamasule chilichonse. Solenoid (kavavu ka magetsi kotsegulira oilo njira) imodzi yofa imasinthidwa mosavuta, koma mukayenda nayo mwezi wathunthu timbale tonse timapsa. Galimoto ikakana kuyenda panjira, musaikoke ndi chingwe mtunda wautali matayala ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu ya oilo nayonso imaima ndipo za m'kati zimazungulira zouma. Ikwezeni pa lole, ndipo ngati lole palibe, pa galimoto yokhala ndi ma propshaft awiri, monga Prado, Surf kapena Pajero, masulani onse awiri musanayambe kukoka.