Momwe mungabwezeretsere mphamvu ya timikanda ta mu softener ndi mchere

Ngati pansi pa ketulo payambanso kuchita nkhanambo zoyera, sopo osachita thovu, pomwe softener (makina ochotsa calcium ndi magnesium, zomwe zimabweretsa nkhanambozo, m'madzi) muli nayo, musathamangire kugula ina. Kawirikawiri timikanda ta m'kati mwake timakhala tangokhuta.

Timikandati, tofiirira ngati uchi, tating'ono ngati mazira a nsomba, timatchedwa resin, ndipo ndi pulasitiki wopangidwa ndi mankhwala a styrene ndi divinylbenzene amene amamutenthetsa mu asidi wa sulphuric kuti azitha kugwira zitsulo zosungunuka m'madzi. Anatulukira njirayi ndi Gaetano D'Alelio wa ku kampani ya General Electric ya ku America m'zaka za m'ma 1940. Tikakhala tatsopano timanyamula sodium. Madzi a pamjigo akamadutsa, calcium mmodzi amakankha ma sodium awiri n'kukhala pamalo pawo, magnesium chimodzimodzi. Malo akadzaza, mchere, womwe uli ndi sodium, ndi umene umabweza zinthu m'chimake.

1. Yambani mwatsimikiza. Thirani madzi otuluka mu softener m'botolo, donthezani sopo, khutchumulani. Akangoyera ngati mkaka wosungunula, thovu osaoneka, nthawi yakwana.

2. Ikani valavu pa backwash kwa mphindi 10 kuti madzi akwere kuchokera pansi, matope atuluke.

3. Yezani mchere: magalamu 100 mpaka 150 pa lita iliyonse ya timikanda. Malita 25 afuna pafupifupi makilogalamu atatu. Ukhale woyera, wopanda mchenga, ndipo usungunuke wonse. Ngati mukusakaniza nokha, kilogalamu imodzi ipite m'malita 9 a madzi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa chopupuluma. Madzi amcherewo adutse m'timikandamo pang'onopang'ono, kwa theka la ola kapena kuposerapo, popeza timikandati timakonda calcium kuposa sodium ndipo sitimutaya msanga.

4. Tsukani ndi madzi wamba mpaka mcherewo usamvekenso pa lilime. Otulukawo asapite kudimba, amawotcha ndiwo.

Tapaniko timikanda pang'ono n'kutifinya ndi zala. Tikaphwanyika ngati phala, ndiye kuti klorini watidya, mchere sungatithandizenso, gulani tina. Tikaderako ngati dzimbiri, ndi iron wa m'madzimo amene wakakamira, ndipo ameneyu amafuna mankhwala ake otsukira resin.

A ku Chikwawa ndi Nsanje amene mijigo yanu imatulutsa madzi amchere, softener si yankho. Siichotsa mchere, imangowonjezera sodium. Inu mukufunika makina a reverse osmosis, omwe amasefa mchere m'madzi.