Momwe mungasamutsire mabuku, mabuku a ku laibulale ndi nyimbo pa e-reader

Musanalumikize chingwe chilichonse, yang'anani kaye zilembo zimene zili kumapeto kwa dzina la fayilo yanu, chifukwa ndi zimene zikuuzeni njira yoti mutsate. Fayilo yothera ndi .epub kapena .pdf ndi buku lenileni, ya .acsm ndi chiphaso chabe chokatengera buku lobwereka, ndipo ya .mp3 ndi nyimbo. Ambiri amene amadandaula kuti e-reader yawo (chipangizo chowerengera mabuku pa sikirini) yakana buku amakhala ataponyamo fayilo imene chipangizocho sichingaitsegule.

Choyamba, tengani chingwe cha USB chimene chimatumiza mafayilo. Zingwe zina n'zongotchajira, ndipo mukagwiritsa ntchito chotere, batire imayamba kudzaza koma kompyuta siiona kanthu. Mukaona zimenezo, sinthani chingwe musanayambe kukayikira chipangizo chanu.

Ngati e-reader yanu ndi ya mtundu wa Kobo kapena PocketBook, ntchito yake ndi yochepa. Lumikizani ku kompyuta, vomerezani pa sikirini ya e-reader kuti ilumikizidwe, ndipo idzaoneka ngati fulashi. Koperani fayilo ya EPUB n'kuiika mmenemo, kenako muuze kompyuta kuti mukufuna kuchotsa chipangizocho, ndipo mudikire ikuloleni musanazule chingwe. Kuzula mwaphuma kumatha kuononga mndandanda wa mabuku.

Kindle, e-reader ya kampani ya Amazon, ili ndi khalidwe lakelake. Mukaika EPUB mu foda yake ya documents kudzera pa chingwe, bukulo silioneka ngakhale pang'ono, pomwe PDF ndi AZW3 (mtundu wa fayilo ya mabuku a Kindle) zimatseguka bwinobwino. Kuyambira mu 2022, Amazon imalandira EPUB kudzera pa Send to Kindle: mumakweza fayiloyo pa intaneti, iwo amaisintha n'kuitumiza ku Kindle yanu ikalumikizidwa ku Wi-Fi. Amene safuna kudalira intaneti angagwiritse ntchito Calibre, pulogalamu yaulere imene imasintha EPUB kukhala AZW3 ndi kuitumiza pa chingwe, malinga bukulo likhale lopanda loko woletsa kulikopera, wotchedwa DRM. Dziwaninso kuti kuyambira pa 26 February 2025, Amazon inachotsa mwayi wotsitsa pa kompyuta mabuku ogulidwa kwa iwo kuti muwasamutse ndi USB, motero amenewo amafika pa Wi-Fi basi.

Mabuku obwereka ku laibulale ndi amene amafuna kudekha, chifukwa amakhala ndi loko amene amaonetsetsa kuti bukulo likuwerengedwa ndi wobwereka yekha komanso kwa masiku oikidwa okha. Yambani ndi kuika pulogalamu ya Adobe Digital Editions pa kompyuta, ndipo muilembetse ndi akaunti (ID) imene pulogalamuyo idzakufunseni. Kenako lowani pa tsamba la laibulale yanu, kaya kudzera pa Libby kapena OverDrive (njira zobwerekera mabuku pa intaneti), bwerekani buku, n'kusankha kulitsitsa ngati EPUB. Chimene chidzatsike ndi kafayilo kakang'ono ka .acsm, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera, chifukwa amakakopera kameneka pa e-reader n'kumadabwa kuti palibe choti awerenge. Katseguleni ndi Adobe Digital Editions kompyuta ili pa intaneti, ndipo musachedwe, popeza chiphasochi chimatha mphamvu chikakhalitsa. Pulogalamuyo ndi imene idzatsitse buku lenilenilo.

Zikatero, lumikizani e-reader pulogalamuyo ili chitsegukire. Dzina la chipangizo chanu lidzaoneka kumanzere, ndipo muyenera kuchilembetsa ndi akaunti yomweyo imene munalembetsera kompyuta. Maakaunti akasiyana, bukulo lidzasamuka ndithu, chikuto chake n'kuoneka pa sikirini, koma mukaligwira lidzakana kutseguka. Zonse zikagwirizana, kokani bukulo ndi mausi n'kukaliponya pa dzina la chipangizocho. Nthawi yobwereka imakhala masiku 7, 14 kapena 21 kutengera laibulale, ndipo ikatha buku limadzitseka lokha, motero palibe chindapusa cha kuchedwa kubweza. Fayilo yake imatsalabe, ndipo muyenera kuifufuta nokha.

Njira ya Adobe imeneyi siigwira pa Kindle. Mabuku a laibulale amapita pa Kindle kudzera pa akaunti ya Amazon, ndipo mwayiwu uli ndi malaibulale a ku United States okha. Ma Kobo ambiri atsopano ali ndi OverDrive m'kati mwake, moti m'mayiko amene ntchitoyi imapezeka mumabwereka pa chipangizo pomwepo popanda kompyuta.

Pa za nyimbo, musayembekezere zambiri. Ma Kindle akale monga Kindle Keyboard anali ndi foda ya music ndi pobayira mahedifoni, ndipo kuika MP3 mmenemo kunali kokwanira. Atsopano amangoseweretsa mabuku omvetsera a Audible, sitolo ya Amazon ya mabuku oterewa, kudzera pa Bluetooth, nawonso ma Kobo amene ali ndi Bluetooth anapangidwira mabuku omvetsera ogulidwa kwa Kobo. Ma PocketBook angapo amaseweretsa MP3: koperani nyimbozo mu foda imodzi monga munachitira ndi mabuku, lumikizani mahedifoni a Bluetooth, ndipo mudzazipeza mu pulogalamu yake yoimbira nyimbo. Ingokumbukirani kuti nyimbo imodzi imatha kudya malo a mabuku angapo, ndiponso batire imene ikanatha milungu imatha msanga.