Ng'ombe yokhuta mapesi ikuwonderanji?

Alimi anzanga, ikafika Okutobala funso limakhala lomweli: ng'ombe ikudya tsiku lonse, mimba ndi yodzaza, koma nthiti zikuwerengeka ndipo mkaka watsika. Vuto lili m'chifu.

M'chifu cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ndi timeneti timaphwanya udzu kuti chiweto chipeze mphamvu, ndipo kuti tigwire bwino ntchito timafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera magawo 7 pa 100 aliwonse. Mapesi ndi udzu wouma wa m'chilimwe sizifika pamenepo. Tizilombo tikafooka, chakudya chimachedwa m'chifu, ng'ombe imamva kukhuta n'kusiya kudya isanapeze mphamvu zokwanira. Zina mwa mphamvu zochepazo zimathawanso ngati mpweya wa methane ng'ombe ikamageya.

Choncho musangowonjezera mapesi. Sakanizani ndi masangwi a mtedza, masamba a nandolo, gliricidia kapena lukina. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amadwalitsa ndi kuyoyola ubweya. Masangwiwo muziwaumitsa pamthunzi n'kuwasunga pa tsindwi mukangokolola. Ndimamva chisoni ndikaona akutenthedwa m'munda mu Meyi, kenako mwini wake yemweyo akudandaula za mkaka mu Novembala.

Mapesi muziwaduladula ndi chikwanje kutalika ngati chala, n'kuika m'modyera, osati pansi pomwe amapondedwa ndi kusakanikirana ndi ndowe.

Madeya amapatsa mphamvu msanga, koma pamafunika dzanja lofatsa. Mukathira ndowa yonse kamodzi, m'chifu mumachita asidi, tizilombo togaya udzu timafa, ng'ombe n'kuyamba kutsegula m'mimba. Yambani pang'ono, muziwonjezera pa masabata awiri, ndipo muzigawa m'mawa ndi madzulo pokama, ng'ombe itayamba yadyako udzu. Thiranimo kamchere.

Amene ali ndi feteleza wa urea angathe kufewetsa mapesi: makilogalamu 4 osungunula m'madzi pa makilogalamu 100 a mapesi, n'kufundika ndi pulasitiki m'dzenje kwa masabata atatu. Koyamba muchite pamodzi ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu, chifukwa urea wonyambita yekha amapha ng'ombe, ndipo tiana ta ng'ombe sitiyenera kudya mapesi amenewa.

Madzi akhale pafupi ndi khola. Ulendo wautali wopita kudambo padzuwa umadya mphamvu zomwe zikanasanduka mkaka, ndipo ng'ombe yaludzu mapesi ouma imangowanunkhiza.