CV yabwerera ndi inki yofiira, nditani?

Mchemwali wina wa ku Ngabu wafunsa. Anapereka CV yake kwa bwana wake wakale kuti ayione asanafunsire ntchito yoyang'anira pulojekiti, ndipo yabwerera itadzaza zokonza. Mtima wamuwawa.

Choyamba, achemwali, athokozeni bwanawo, musayambe kudziteteza. Igonereni, mudzaiwerengenso mawa mtima utazizira.

Kenako zigaweni ndemangazo. Mawu olembedwa molakwika ndi madeti osokonekera konzani pompo, palibe chokambirana. Pofunika kukhalira pansi ndi pomwe alemba kuti "sizikuoneka zomwe munachita". Ambirife timagwera pamenepa. Kungoti munkayang'anira ntchito yothandiza okhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023 sikukwanira. Nenani midzi ingati ku Nsanje, ndalama zingati zinadutsa m'manja mwanu, munkatsogolera anthu angati, komanso ngati ntchitoyo inatha pa nthawi yake. Manambalawo akhale oona, chifukwa olemba ntchito amaimbira foni anthu omwe mwawatchula kuti akuchitireni umboni.

Chachitatu, yerekezani CV ndi chilengezo cha ntchitoyo. Ngati ndi ya ulimi wothirira, monga ya Shire Valley Transformation Programme, zomwe munachita ndi magulu a alimi zikwere pamwamba. Satifiketi ya maphunziro oyendetsa mapulojekiti, monga PRINCE2 kapena PMP, ngati muli nayo, ioneke patsamba loyamba.

Ndemanga yomwe simukugwirizana nayo funsani chifukwa chake, mukhoza kuikana mwaulemu. Mukamaliza abwezereni ayionenso kamodzi, kenako muisunge ngati PDF musanatumize.