Momwe mungagonjetsere mantha a pagulu powayandikira pang'onopang'ono

Pali anthu amene amalola minibasi kuwapitiriza pa siteji yawo chifukwa cholephera kukweza mawu n'kuuza kondakitala kuti akutsika. Pali ena amene pa ukwati amanena kuti adya kale, chikhalirecho akuopa kuti dzanja linjenjemera anthu akuona. Ine ndakhala nawo mantha amenewa kuyambira ndili kusekondale, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa momwe amamuberera munthu moyo wake mwakachetechete. Si manyazi wamba. Madokotala amawatcha social anxiety, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu ali m'zaka za chinyamata kapena chitsikana. Njira imene inandithandiza imatchedwa exposure therapy, kutanthauza kudziika mwadala pamalo amene umaopa, koma mwadongosolo.

Choyamba mumvetse chimene chimadyetsa manthawa. Mukathawa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti kuthawako ndi kumene kwakupulumutsani. Mawa lake mantha amabwera atakulirako. Simupeza mpata woona kuti choipa chimene mumayembekezera mwina sichikanachitika n'komwe. Njirayi ndi yakale ndithu. Mu 1924, ku America, katswiri wa zamaganizo Mary Cover Jones anathandiza kamnyamata kamene kankaopa kalulu pomusendeza kaluluyo pafupi pang'onopang'ono mwanayo akudya chakudya chimene ankachikonda. M'zaka za m'ma 1950, Joseph Wolpe, dokotala wobadwira ku Johannesburg, anaikonza bwino njirayi kuti izithandizanso akuluakulu, ndipo ndi iyenso anayambitsa kuyeza mantha ndi manambala kuchokera pa 0 mpaka 100.

Tengani kope mulembe zinthu zonse zimene mumazemba, ndipo chilichonse muchipatse nambala yake. Lembani zenizeni, osati "kulankhula ndi anthu" chabe. Mwachitsanzo, kupereka moni kwa mlonda wa pageti kungakhale pa 20, kufunsa mtengo wa tomato pamsika n'kuchoka osagula pa 35, kuitanitsa chenji mu minibasi yodzaza pa 50, kufunsa funso pa msonkhano wa banki m'khonde pa 70, kuwerenga lemba kutsogolo kutchalitchi pa 90. Manambala anu adzasiyana ndi amenewa. Yambirani pa chinthu chapakati pa 30 ndi 40: chikuopseni ndithu, koma choti mungachichite mawa lomwe lino.

Apa ndichenjezepo chinthu chimodzi. Malangizo ambiri olembedwa kumayiko a azungu amati muziyang'ana munthu m'maso. Kwathu kuno, kuweramitsa maso kapena kutsitsa mawu pamaso pa apongozi kapena amfumu ndi ulemu, si matenda. Musaike m'kope mwanu zinthu zimene aliyense woleredwa bwino sachita. Dzifunseni kuti, kodi anzanga amsinkhu wanga amachita chimenechi mosavuta pamene ine ndimachizemba? Ngati ndi choncho, chilembeni.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona kuti ndi mtima wa njira yonseyi. Musanapite, lembani chimene mukuopa kuti chichitika, momveka bwino moti munthu wina angathe kutsimikiza ngati chachitikadi. "Zikhala zoipa" sichithandiza. Lembani kuti, "Mawu anga anjenjemera ndipo anthu a mpando wakumbuyo aseka." Mukabwerako lembani chimene chachitika: ndani waseka, wanena chiyani, zatha bwanji. Akatswiri monga Michelle Craske amatsindika kuti ubongo umaphunzira kwambiri pamene zochitika zasiyana ndi zimene umayembekezera. Choncho musadziweruze potengera kuti mantha atsika kapena ayi. Mukhoza kutuluka mtima ukugundabe, thukuta lili m'manja, koma mwaphunzira kuti palibe anatembenuka n'komwe. Nthawi zina wina adzasekadi. Lembaninso zimenezo, ndipo muonjezere kuti zinakupwetekani kwa nthawi yotalika bwanji.

Chovuta kwambiri ndi kusiya tizinthu timene mumabisalamo muli pagulu pomwepo. Akatswiri a zamaganizo David Clark ndi Adrian Wells analongosola zimenezi mu 1995. Kuyang'ana pafoni nthawi yonse, kukhala pafupi ndi chitseko, kuloweza chiganizo chilichonse musanachilankhule, kutenga mlongo wanu kuti azikuyankhirani, kumwako mowa musanalowe pa phwando. Mukachita zimenezi zinthu n'kuyenda bwino, mumati ndi foniyo kapena mowawo umene wakupulumutsani, ndipo mantha amakhala pomwepo. Siyani kanthu kamodzi pa nthawi. Mowa wokha usiyeni pa chiyambi pomwe, chifukwa anthu ambiri a vutoli amathera m'mavuto awiri.

Muli pamalopo, tulutsani maganizo anu kunja. Munthu wamantha amadziyang'anira yekha, kumamvetsera mtima wake ndi kudzifunsa kuti akuoneka bwanji. Inu mvetserani zimene mayi wogulitsayo akunena, onani mtundu wa chitenje chawo, ayankheni zimene afunsa. Musathamangire kuchoka mantha akafika pachimake. Khalanibe mpaka mutamaliza chimene munabwerera.

Mukafika kunyumba, lembani mizere iwiri kapena itatu ija n'kutseka kope. Kubwereza zokambiranazo m'mutu usiku wonse, kufunafuna pamene munaphonya, kumafafaniza zimene mwaphunzira masana.

Bwerezani chinthu chomwecho pafupipafupi, kangapo pa sabata, ndipo muzisintha malo ndi anthu: lero msika uwu, mawa wina, lero mzimayi, mawa mzibambo. Chikayamba kupepuka, pitani pa chotsatira. Mukazolowera, yesani kulakwitsa dala pang'ono, monga kufunsa njira ya malo amene ali poonekeratu, kapena kuima kaye pakati pa chiganizo, kuti muone ndi maso anu momwe anthu amaiwalira msanga. Padzakhala masiku amene mantha adzabwerera ngati simunayambe n'komwe, makamaka mukatopa kapena mukadwala. Bwererani sitepe imodzi pansi, mupitirize.

Njirayi ndi ya mantha oposa choopsa chenicheni. Si yodzipereka kwa munthu amene amakuzunzani kapena kukunyozani mwadala. Ndipo ngati manthawa akuchititsani kusiya sukulu kapena ntchito, ngati mukumwa kuti mupirire, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musayende nokha. Pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse wachipatala woona za matenda a m'maganizo. Ku Malawi kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukaona kuti pakamwa padzauma mukakafika, lembani vuto lanu pa pepala mukawapatse awerenge.