Momwe mungatsatsire malonda kwa makampani ena pa intaneti

Mwafunsa kuti kampani yogulitsa katundu kwa makampani anzake iyambire pati kutsatsa pa intaneti.

Choyamba, dziwani anthu amene amasankha zogula. Kampani sigula ngati munthu mmodzi: pamakhala wogwiritsa ntchito katunduyo, woyang'anira ndalama, ndi bwana wovomereza. Lembani nkhawa za aliyense. Woyang'anira ndalama amafunsa kuti ndalama zibwerera liti, pomwe wa m'fakitale amangofuna makina osawonongeka pafupipafupi.

Kenako konzani webusaiti yanu kuti iyankhe mafunso amenewa momveka: mitengo, nthawi yofikitsa katundu, ndi nkhani ya kasitomala amene munamuthandiza, ngati wakulolani kumutchula. Apa musathamange ayi, chifukwa ogula otere amafufuza okha kwa nthawi yaitali asanakuimbireni foni.

Mukatero pitani pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amalumikizirana pa nkhani za ntchito ndi bizinesi. Kumeneko mutha kusankha kuti malonda anu awonedwe ndi anthu a udindo wakutiwakuti, m'makampani akuluakulu kapena ang'onoang'ono. Kawirikawiri mtengo wake ndi wokwera kuposa wa Facebook, komabe ine ndingayambire komweko.

Aliyense wosiya imelo yake kuti alandire kabuku kanu ka malangizo, mulembeni mu pulogalamu yosungira mbiri ya makasitomala (CRM) monga HubSpot kapena Salesforce. Muzimutumizira zinthu zomuthandiza pa ntchito yake, osamukakamiza kugula. Mukaona kuti wabwereranso pa tsamba la mitengo, wogulitsa wanu amuimbire tsiku lomwelo.

Pakatha miyezi 3, werengani misonkhano ndi mapangano ochokera ku njira iliyonse. Njira yomwe sinabweretse ngakhale msonkhano umodzi, isiyeni ndipo ndalama zake muziike pa yomwe ikubala zipatso.